Anthu 6 mu 1830, oposa 30,000 ku Britain pofika 1851: nthambi zoyamba za a Mormon zinkakula bwanji?

Nabanda analemba:

Moni nonse kuno. Ndabwera ndi funso limene lakhala likundizunguza mutu kwa milungu ingapo, ndipo ndikhulupirira kuti pano alipo amene anaiwerenga mbiri imeneyi kuposa ine.

Ine si wa Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a m'Masiku Otsiriza, uja ambirife timangoti wa a Mormon. Koma mwana wa malemu mng'ono wanga, amene ndamulera ndekha kuyambira ali ndi zaka 7, analowa mpingowu ndipo pano ali ku umishonale wa zaka ziwiri. Usiku woti mawa anyamuka ndinamusitira malaya ake oyera asanu, misozi ikugwera pa kolala, chifukwa sindinkamvetsa chimene chamugwira mtima chonchi. Timalankhulana pa WhatsApp Lolemba lililonse. Amandiuza kuti masiku ena amayenda ndi mnzake kuchokera m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osapeza n'mmodzi yemwe wowapatsa mpando. Tsiku lina nditamudandaulira, anandiyankha kuti, "Amayi, musade nkhawa, Samuel Smith naye tsiku loyamba anagona pansi pa mtengo."

Ndinapita kukamufufuza Samuel ameneyu. Ndinapeza kuti mpingowu unakhazikitsidwa pa 6 Epulo 1830 ku Fayette, m'chigawo cha New York, m'nyumba ya mlimi wina dzina lake Peter Whitmer, ndipo olembedwa mwalamulo tsiku limenelo anali 6 okha. Kumapeto kwa Juni chaka chomwecho Samuel, mng'ono wake wa Joseph Smith amene anayambitsa mpingowu, mnyamata wa zaka 22, anaika makope a Buku la Mormoni, limene iwo amalitenga ngati malemba opatulika pamodzi ndi Baibulo, m'chikwama n'kuuyamba wapansi. Tsiku loyamba anayenda makilomita pafupifupi 40 osagulitsa ngakhale limodzi. Mwini nyumba yogona alendo anam'pirikitsa atamva kumene bukulo lachokera, ndipo anagonadi panja, pansi pa mtengo wa maapozi. Pa ulendo wonsewo sanabatize munthu.

Tsono chimene chikundidabwitsa ndi ichi. Patangotha zaka 21, ku Britain kokha kunali mamembala oposa 30,000, ochuluka kuposa amene anali nthawi imeneyo ku Utah, dera la ku America kumene likulu la mpingowu linasamukira. Amishonalewo sanapite kusukulu ya ubusa, sankalandira malipiro, ankayenda opanda thumba la ndalama kapena la kamba monga mwa mawu a pa Luka 10, ndipo sankakhalitsa pamalo. Paja mlendo ndi mame. Nanga iwo akachoka, nkhosa zinkatsala ndi yani? Nthambi zimenezi zinkamera bwanji, ndipo ankazithirira ndani?

Chonde tisakangane zakuti chiphunzitso chawo n'choona kapena ayi. Mkangano umenewo ine ndi mwana wanga tinauika pambali dala. Ndikungofuna kumvetsa ntchito imene waiperekera zaka ziwiri za unyamata wake.

A Chisale analemba:

Mayi Nabanda, pepani ndi za mng'ono wanu, ndipo zikomo pomulera mwanayo. Inenso si wa mpingowu. Ndinali mphunzitsi wa mbiri yakale, ndipo nkhani iyi ndinailowa mozama nditapuma ntchito. Yankho langa ndi lakuti musayang'ane kwambiri mlaliki, yang'anani khomo limene analowera. Pafupifupi paliponse pamene nthambi inaphuka msanga, panali mbale wake wa winawake, kapena gulu la anthu amene ankapemphera kale pamodzi.

Tiyambe ndi Samuel yemweyo. Atadzuka pansi pa mtengo uja anakafika kwa mbusa wa Methodist, John P. Greene. Mbusayo sanagule, anangolola kusunga buku limodzi kuti mwina pa maulendo ake apezeka wolifuna. Amene analitsegula n'kuliwerenga anali mkazi wake, Rhoda, ndipo Rhodayo anali mlongo wake wa Brigham Young. Buku lina Samuel anagulitsa kwa Phineas Young, mkulu wake wa Brigham, ndipo linayenda m'manja mwa bambo awo, mlongo wawo Fanny, mpaka kubanja la mnzawo wapamtima Heber C. Kimball. Brigham sanathamangire ayi. Anatha zaka ziwiri akulisinkhasinkha, n'kudzabatizidwa mu Epulo 1832, Kimball naye mwezi womwewo. Samuel anabwerera kwawo akuyesa kuti wangovutika chabe, chikhalirecho mabuku awiri aja alowa m'banja la Brigham, munthu amene adzatsogolere mpingowo zaka zoposa 30.

Chachiwiri ndi Ohio. Mu Okutobala 1830 anthu anayi, Oliver Cowdery, Peter Whitmer Jr., Parley P. Pratt ndi Ziba Peterson, anatumidwa kukalalikira kwa mitundu ya eni dziko la America kumalire a Missouri. Anayenda makilomita oposa 2,000, mbali yaikulu wapansi, m'nyengo ya chisanu choopsa. Atafika mu Januwale 1831 analankhula ndi akuluakulu a mtundu wa Delaware, koma woimira boma m'deralo anawachotsa chifukwa analibe chilolezo. Chimene anapitiracho chinalephereka. Koma panjira Pratt anapempha anzake kuti apatukire ku Mentor, akaone mbusa wake wakale Sidney Rigdon. Rigdonyo anali ndi mipingo yake kale m'dera la Kirtland, anthu amene anawaphunzitsa kwa zaka kuti ayembekezere kubwerera kwa Chikhristu cha atumwi. Ena a iwo ankakhala pamodzi pa famu ya Isaac Morley, katundu wawo ali wa onse monga pa Machitidwe 2. M'milungu yosakwana inayi anabatizidwa anthu 127, Rigdon ali momwemo. Mpingo wa ku Ohio unaposa wa ku New York, ndipo mu 1831 likulu linasamukira komweko.

Tsono tsatirani chingwe ichi, chifukwa ndi chimene chimandipatsa chidwi kuposa zonse. Mu 1836 Pratt yemweyo anapita ku Toronto, ku Canada. Matchalitchi anam'tsekera zitseko. Mayi wina wamasiye, Isabella Walton, ndiye anati abwere azigona ndi kulalikira m'nyumba mwake. Kudzera mwa mayiyu uthenga unafika kwa kagulu ka a Methodist kamene kankakumana kusanthula Baibulo, ndipo mwa obatizidwa munali John Taylor, ndi mlimi wina wochokera ku England, Joseph Fielding, pamodzi ndi alongo ake Mary ndi Mercy. Atatuwa anayamba kulemba makalata kwa mbale wawo James Fielding, amene anali mbusa ku Preston, m'chigawo cha Lancashire. Jamesyo ankawerengera mpingo wake makalatawo, anthu n'kumalakalaka kuwaona alaliki a ku America amenewa.

Ndiye pamene Heber C. Kimball, Orson Hyde, Willard Richards, Joseph Fielding ndi anzawo atatu anatsika sitima ya Garrick ku Liverpool mu Julayi 1837, sanalowere ku London. Analunjika ku Preston, kwa mbale wa mnzawo. Anafika Loweruka pa 22 Julayi tauni ili piringupiringu ndi chisankho, ndipo m'mawa mwake anali ataima kale pa guwa la tchalitchi cha James, chotchedwa Vauxhall. Analalikiramo katatu. James ataona kuti nkhosa zake zikupempha ubatizo womiza, anatseka chitseko, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Pa 30 Julayi anthu 9 anabatizidwa mu mtsinje wa Ribble khamu la anthu likuonerera. Mnyamata wina, George D. Watt, anachita kuthamangitsana ndi bambo wina kuti akhale woyamba kulowa m'madzi. Mayi wina, Ann Elizabeth Walmsley, anali wodwala chifuwa chachikulu moti anachita kumunyamula kupita naye kumtsinje, ndipo anakhala ndi moyo mpaka ukalamba. Koma ndimamumveranso chisoni James. Anatsegulira mbale wake khomo ndi mtima woyera, n'kutaya gawo lalikulu la mpingo wake, ubale wawo n'kusokonekera.

Chitsanzo chachikulu ndi cha Herefordshire. Kumayambiriro kwa Malichi 1840 mmishonale wina, Wilford Woodruff, anali ku Hanley, dera la mafakitale oumba mbale ndi makapu. Membala wina kumeneko, William Benbow, anam'perekeza kwa mbale wake John Benbow, mlimi wopeza bwino wa ku Hill Farm, pafupi ndi Castle Frome. Kumeneko kunali gulu la anthu pafupifupi 600 lotchedwa United Brethren, limene linapatuka kwa a Primitive Methodist motsogozedwa ndi Thomas Kington. Anali ndi alaliki awo oposa 40, nyumba zovomerezeka ndi boma kupemphereramo, ndi ndandanda yoonetsa kuti Lamulungu lino wakuti alalikira mudzi wakuti. Woodruff anayeretsa dziwe la pa famupo n'kuyamba kubatiza. M'mwezi umodzi anthu oposa 150 anali atalowa m'madzi, Kington naye. Malinga ndi zimene Woodruff mwiniwake analemba, wapolisi amene anatumidwa kudzam'manga anauzidwa kuti akhale kaye pansi mpaka ulaliki uthe, ndipo pamapeto pake anapempha ubatizo. Pofika kumapeto kwa Juni m'deralo munali nthambi zoposa 30.

Munthu mmodzi sangamange nthambi 30 m'miyezi inayi, mayi. Woodruff anapeza nyumba yomangamanga, denga lili pamwamba, alaliki ali pa ndandanda. Ambiri mwa alaliki aja anawaika manja n'kuwabwezera kumidzi yomwe ankalalikira kale.

M'bale Kamwendo analemba:

Amayi, ine ndine wa mpingowu, ndipo ndikuthokozani posam'tsekereza mwanayo ngakhale mtima unkawawa. A Chisale alongosola bwino za khomo. Ine ndiyankhe mbali inayo, ya amene ankatsala.

Kwathu kulibe mbusa wolembedwa ntchito pa nthambi, ndipo zinali choncho kuyambira pachiyambi. Munthu akabatizidwa, pakangopita milungu kapena masiku, ankaikidwa manja kukhala dikoni, mphunzitsi, wansembe kapena mkulu. Woomba nsalu, wokumba malasha, wosoka nsapato, ameneyo ndiye ankatsala akudalitsa mgonero, kuyendera odwala, kulemba mayina m'kaundula ndi kulalikira pamsika madzulo akaweruka. Ineyo nditabatizidwa, mwezi wachitatu usanathe anandipatsa kalasi yoti ndiphunzitse. Ndinaima kutsogolo pepala likunjenjemera m'manja, mawu akukanirira pakhosi, koma Lamulungu lotsatira sindikanatha kujomba chifukwa anthu ankandidikira. Munthu ukam'senzetsa kamtolo, sachoka msanga.

Koma ndisakunamizeni kuti zinkayenda myaa. Ku Kirtland kuja, amishonale anayi atapitirira ulendo wawo, otsalawo anali a masabata ochepa m'chikhulupiriro, opanda wowaongolera. Achinyamata ena ankagwa pansi n'kumagubuduka, ena kukwera pa zitsa n'kumalalikira anthu osaoneka. Zinatengera kubwera kwa John Whitmer, kenako Joseph Smith mwiniwake mu Febuluwale 1831, kuti zinthu zikhazikike. Ku England nako, Kimball ndi Hyde atabwerera mu Epulo 1838 anasiya anthu pafupifupi 1,500 m'manja mwa Joseph Fielding, Willard Richards ndi William Clayton, amene anali atangobatizidwa miyezi ingapo m'mbuyomo. Patatha zaka ziwiri chiwerengero chinali chisanafike 1,700. Ankabatiza ndithu, koma olowa ankangotseka mipata ya ogwa ndi ochotsedwa. Zaka ziwiri zimenezo sizitchulidwa kawirikawiri chifukwa mulibe zozizwitsa. Muli kuweruza milandu ya mabanja, ngongole ndi miseche. Komatu atumwi, amene ndi akuluakulu a mpingowu, atabweranso mu 1840 anapeza poponda chifukwa cha anthu amenewa. Clayton anasiya ntchito yake ya ukalaliki pa fakitale n'kukamanga nthambi ya ku Manchester mpaka inaposa anthu 200.

China chimene ndikufuna muuze mwanayo ndi chilankhulo. Ku Wales, William Henshaw anayambitsa nthambi pafupi ndi Merthyr Tydfil mu 1843, koma sankadziwa Chiwelishi, ndiye ntchito inkayenda pang'onopang'ono. Mu 1845 kunafika Dan Jones, mwana wa ku Wales komweko, amene anali woyendetsa sitima pa mtsinje wa Mississippi ndipo anagona m'ndende ya Carthage pamodzi ndi Joseph Smith usiku woti mawa lake, pa 27 Juni 1844, Smith aphedwa. Jones ankalalikira ndi kutsutsana ndi abusa m'chilankhulo cha anthuwo, ndipo mu 1846 anayamba kutulutsa magazini ya Chiwelishi, Prophwyd y Jubili. Ankasindikiza kuti? Pa makina a mkulu wake John, amene anali mbusa wa mpingo wina. Mwaona, a Chisale, chingwe chanu chija chatulukiranso apa. Pochoka mu 1849 anasiya anthu oposa 3,000. Ku Hawaii, mwa amishonale 10 amene anafika mu Disembala 1850, theka anachoka ataona kuti azungu akumeneko sakuwamvera. George Q. Cannon anatsala n'kuphunzira Chihawai, ndipo anamasulira Buku la Mormoni pamodzi ndi woweruza milandu wa komweko, Jonathan Napela.

Koma nkhani imene imandilimbitsa mtima ine ndi ya pa zilumba za Pacific. Addison Pratt anafika pa chilumba cha Tubuai mu Epulo 1844, mnzake Benjamin Grouard n'kukabatiza anthu mazanamazana pa chilumba cha Anaa. Mu 1852 boma la France linapanikiza ntchitoyo, amishonale n'kuchoka. Ochokera ku Utah sanabwerenso mpaka 1892. Zaka 40! Ena pa nthawiyo analowa mpingo wina wochokera ku muzu womwewo, ena anagawikana, koma obwerawo anapezabe magulu akusonkhana, akutsogoleredwa ndi akulu a komweko.

A Mbewe analemba:

Akuluakulu, zonse mwanenazi n'zoona, koma mayiwa afunsa moona mtima ndipo ayenera kumva mbali yowawa.

Choyamba, njala. Preston ya mu 1837 inali tauni ya mafakitale a thonje pa nthawi imene malonda anagwa. Anthu ankachotsedwa ntchito, ana aang'ono ankagwira ntchito m'mafakitale kuyambira m'bandakucha, mabanja ankagona m'zipinda zapansi zachinyezi. Kwa munthu wotere mukabwera ndi uthenga wakuti Mulungu walankhulanso, kuti iyeyo akhoza kukhala wansembe, komanso kuti tsidya la nyanja kuli Ziyoni kumene adzakhale ndi munda wakewake, mawuwo amalowa mosavuta. Sindikunena kuti chikhulupiriro chawo chinali chabodza. Anthu anataya ntchito ndi abale chifukwa cha ubatizo umenewu. Koma sitima ndi ulaliki zinkayendera limodzi. Gulu loyamba, anthu 41 otsogozedwa ndi John Moon, linanyamuka ku Liverpool pa 6 Juni 1840, ndipo mu 1849 mpingo unakhazikitsa thumba lobwereketsa ndalama za ulendo kwa osauka, kuti akabweze akafika.

Apa ndiye pali yankho lina la funso lanu, mayi. Nthambi zambiri sizinamangidwe kuti zikhalitse. Zinali ngati pokwerera. Amene ankalimba m'chikhulupiriro ndi amene ankanyamuka, nthambi n'kutsala ndi okalamba, odwala, osowa ndalama ndi amayi amene amuna awo anakana. Chimenechi chinayamba kale ku America: nthambi ya ku Colesville, anthu pafupifupi 60, ambiri a iwo achibale a Joseph Knight, inazuka yonse mu 1831 kupita ku Ohio, kenako ku Missouri, kumene mayi Polly Knight anamwalira atangofika. Ku Britain, 30,000 ija pofika m'ma 1890 inali itatsika kufika pa zikwi zochepa chabe. Ndipo si onse onyamuka anakafika. Mu 1856 magulu awiri okoka ngolo ndi manja, a Willie ndi Martin, ananyamuka mochedwa n'kupezedwa ndi chisanu m'mapiri a Wyoming. Anafa anthu oposa 200, ambiri a iwo otembenuka a ku Britain ndi Denmark.

Chachiwiri, mitala. Atsogoleri ena anali ndi akazi angapo kuyambira nthawi imene likulu la mpingo linali ku Nauvoo, ku America, koma otembenuka a ku Ulaya sankauzidwa. John Taylor anaikana nkhaniyi pa mtsutso wa poyera ku Boulogne, ku France, mu 1850, iye ali kale pa mitala. Mpingo unadzavomera poyera mu Ogasiti 1852, ndipo nkhaniyo itafika ku Britain anthu ambiri anachoka. Taganizani mkulu wa nthambi amene wakhala zaka akuuza anansi ake kuti zimenezo n'zabodza za adani, lero akuziwerenga m'magazini ya mpingo wake womwe.

Chachitatu chikutikhudza ife eni khungu ili. Elijah Abel, munthu wakuda, anaikidwa manja kukhala mkulu mu 1836 ndipo anayenda maulendo a umishonale. Koma mu 1852 Brigham Young analengeza kuti anthu akuda a mbadwo wa ku Africa sangalandire unsembe, ndipo lamulolo linakhala mpaka Juni 1978. M'bale Kamwendo wanena bwino kuti mphamvu ya nthambi inali kuika manja anthu a pamalopo. Ndiye onani: pamene Jesse Haven, William Walker ndi Leonard Smith anafika ku Cape Town mu Epulo 1853, njira imene inagwira ntchito ku Wales ndi ku Tubuai inali yotsekeka kwa anthu akuda. Analalikira makamaka kwa azungu, ambiri mwa obatizidwawo anasamukira ku Utah, ndipo mu 1865 ntchitoyo inaima mpaka 1903.

M'bale Kamwendo analemba:

A Mbewe, sinditsutsa chilichonse mwa zimenezi. Za unsembe zinandipweteka nditazimva koyamba, ndipo ndinatha miyezi ndikulimbana nazo m'pemphero. Mpingo womwewo mu 2013 unalemba poyera kuti ukukana ziphunzitso zakale zonena kuti khungu lakuda ndi temberero. Ndingowonjezera chimodzi. Ku Ghana, Joseph William Billy Johnson anayamba kusonkhanitsa anthu mu 1964 atangowerenga mabuku, popanda mmishonale kapena ubatizo, ndipo ku Nigeria mphunzitsi Anthony Obinna anachita chimodzimodzi. Anadikira zaka zoposa khumi akulemba makalata. Amishonale atafika kumapeto kwa 1978 anapeza mipingo ilipo kale, monga muja Woodruff anapezera ku Herefordshire. Amene anachotsa lamulo lija, Spencer W. Kimball, anali mdzukulu wa Heber uja wa ku Preston.

Nabanda analemba:

Zikomo kwambiri bambo Chisale, bambo Kamwendo ndi bambo Mbewe. Ndawerenga kawiri, kachiwiriko ndi cholembera m'manja. Za mitala ndi za unsembe ndinali nditazimvapo, koma osati mwadongosolo chonchi, ndipo ndidzakamba naye mwanayo akadzabwera, maso ndi maso, osati pa foni.

Pali chimene ndaona m'nkhani zanuzi chimene simunachitchule mwachindunji. Mayina a maulendo ndi a abambo, koma pa khomo lililonse pakuoneka mayi. Rhoda ndiye anawerenga buku mwamuna wake atalinyalanyaza. Isabella Walton ndiye anayala mphasa matchalitchi atakana. Mary ndi Mercy analemba nawo makalata aja. Nditafufuza za John Benbow ndapeza kuti iye ndi mkazi wake Jane anapereka mapaundi 250, Kington n'kuwonjezera 100, kuti Buku la Mormoni ndi buku la nyimbo zisindikizidwe ku England. Ndipo amuna aja akamachoka, ana ankatsala ndi yani? Ndawerenga kuti mu Sepitembala 1839, Brigham Young ndi Heber Kimball ponyamuka kupita ku England onse anali ndi malungo, ndipo akazi awo, Mary Ann ndi Vilate, nawonso anali chigonere. Mary Ann anali ndi khanda la masiku ochepa. Apa ndinaika foni pansi kaye. Ine ndasiyidwa ndi mwana mmodzi wamkulu kale, ndili ndi pogona ndi chakudya, komabe zikundilemera.

Mtima wanga watsalira pa anthu amene bambo Mbewe awatchula, otsala aja. Gogo wa ku Herefordshire amene anaona anzake onse a m'kwaya akukwera ngolo kupita ku Liverpool, Lamulungu lotsatira anapita kukapemphera kuti? Kodi mwa nthambi zoyambazo ilipo imene inapirira osafa?

A Chisale analemba:

Mwaona bwino, mayi, ndipo ndavomera kuti amayiwo ndinawadutsa mothamanga.

Ku Herefordshire zinatha motere. A United Brethren anali ndi katchalitchi kakang'ono ka miyala ku Gadfield Elm, m'chigawo choyandikana nacho cha Worcestershire, kamene anamanga mu 1836 n'kukapereka ku mpingo watsopanowo mu 1840. Brigham Young analalikiramo. Koma anthu ake anasamuka ambiri mwakuti mu 1842 kanagulitsidwa, ndalama zake n'kuthandizira ulendo wa ena. Kwa zaka zoposa 150 kankagwiritsidwa ntchito zina, monga kusungiramo zipangizo, mpaka denga linayamba kugwa. Otsalawo anabwerera kopemphera m'makhitchini ndi m'zipinda za anzawo, anthu asanu kapena khumi, ena n'kubwerera ku matchalitchi awo akale. Mu 1994 mamembala a m'deralo anasonkherana ndalama, anakagula pa okushoni n'kukakonzanso, ndipo lero ndi tchalitchi chakale kuposa china chilichonse cha mpingowu chimene chidakaima.

Ya ku Preston ndiyo sinafe. Atatsekeredwa ku Vauxhall ankakumana m'nyumba za anthu ndi pamsika, kenako anachita lendi holo yotchedwa Cockpit, imene kale ankamenyanitsiramo atambala. Pa Khrisimasi ya 1837 munasonkhana anthu pafupifupi 300. M'zaka zotsatira nthambiyo inachepa kwambiri, koma panalibe nthawi imene inatsekedwa, ndipo ndi mpingo wa pamalo umene wakhala nthawi yaitali osaduka kuposa wina uliwonse mwa a Mormon, ngakhale ya ku Utah, pakuti ku Utah anafikako mu 1847. Mnyamata wina amene anatumidwa kumeneko mu 1933, Gordon B. Hinckley, analembera bambo ake kuti akungotaya nthawi ndi ndalama chifukwa palibe womumvera. Ndi yemweyo amene mu 1998, ali mtsogoleri wa mpingo wonse, anadzapatulira kachisi ku Chorley, pafupi ndi Preston.

Nabanda analemba:

Za Hinckley ndimutumizira lero lomwe, chifukwa sabata yatha mawu ake anali ofooka ngakhale ankayesa kubisa. Anandiuzapo kuti kumene aliko nthambi yawo ilibe tchalitchi, amapemphera m'nyumba ya lendi, ndipo pali mayi wina wachikulire amene amafika m'mamawa kudzasesa ndi kuyala mipando. Nthawi imeneyo sindinafunse zambiri. Lolemba likubwerali ndimufunsa kuti mayiyo anabatizidwa liti, anamubweretsa ndani, ndiponso ngati ali ndi abale ake mumpingomo.